Mafunso Khumi a Achemwali

Achemwali anga anasiya sukulu ali m'kalasi yachiwiri, chaka chimene bambo athu anaona kuti sangathe kuphunzitsa ana awiri. Ine ndinapitirira mpaka ku yunivesite, ndipo ndinaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Iwo anakhala wofesa mbande za tomato, kabichi ndi anyezi kuseri kwa nyumba yawo. Sanadandaulepo za zimenezi pamaso panga. Chimene ankachita n'kunditchula kuti "a Digiri" nthawi iliyonse imene aona kuti mapewa anga akwera.

M'mwezi wachisanu ndi chiwiri wa mliri, Lolemba m'mawa, anafika pageti panga atavala chophimba pakamwa ndi pamphuno, ndipo anakana kulowa. Amuna awo anali atamwalira ndi matendawo miyezi itatu m'mbuyomo. Galimoto yachipatala inawatenga akubanika, ndipo achemwali sanawaonenso, ngakhale m'bokosi.

"Kuchipatala chachikulu akufuna anthu opitirira zaka sikisite oti awayesere katemera watsopano," anatero. "Ndinapitako. Akuti munthu wosawerenga abwere ndi mboni yodziwa kuwerenga."

"Achemwali, mwaiganizira bwino nkhani imeneyi? Katemerayo sanatsimikizike."

"Sindinabwere kudzapempha chilolezo, a Digiri. Ndabwera kudzabwereka maso anu."

Anandipatsira pamwamba pa geti chikalata cha masamba khumi ndi anayi. Ndinachiwerenga kawiri. Lamulo lake linali lomveka: munthu asanadinde chala kuti wavomera, namwino amufunse mafunso khumi pofuna kuona ngati wamvetsa chimene akulowamo. Wolephera anali ndi mwayi umodzi wobwereza. Kulemba anthu achikulire kunali kutsekedwa Lachisanu la sabata lomwelo.

Ndinachita chimene ndinkachidziwa. Ndinalemba mafunso khumi amene ndinaona kuti sangalephere kubwera, ndipo pansi pa funso lililonse ndinakopera yankho lake kuchokera m'chikalatamo, liwu ndi liwu. Masiku awiri tinakhala pakhonde panga, iwo kumapeto uku, ine kumapeto uko. Ine kufunsa, iwo kuyankha, akaphonya liwu tibwerere poyambira. Pofika Lachiwiri madzulo ankatchula mayankho onse khumi osapunthwa, ngakhale ndiyambire kumapeto. Ndinanyadira ntchito yanga.

Lachitatu tinapita kuchipatala. Chipinda chofunsiramo chinali chaching'ono, chonunkha mankhwala opukutira m'manja. Munali tebulo, sikelo, ndi firiji yokhoma imene inkangolira pakona. Zenera linali lotsegula chifukwa cha matendawo, choncho mapepala onse anawapsinja ndi mwala kuti asauluke. Namwino anali mayi wa zaka za m'ma makumi anayi, wa maso otopa koma osaphonya kanthu.

"Bambo, inu ndinu mboni," anandiuza. "Tikufuna makutu anu ndi siginecha yanu. Pakamwa papume."

Kenako anatembenukira kwa achemwali.

"Amayi, tiyerekeze kuti takubayani lero. Loweruka mnzanu wakuitanani kunyumba kwake, ndipo akutsokomola. Mupita osavala chophimba, poti mwabayidwa kale?"

Funso limeneli pa pepala langa panalibe. Ndinaona maso a achemwali akukwera kudenga, akufunafuna pamene funsolo lingagwirizane ndi zimene ndinawaloweza.

"Kutenga nawo mbali m'kafukufukuyu n'kosakakamiza," anatero, "ndipo munthu ali ndi ufulu wosiya nthawi iliyonse."

"Zimenezo n'zoona. Koma kwa mnzanuyo mupita bwanji?"

"Magazi adzatengedwa kasanu ndi kawiri m'miyezi khumi ndi iwiri."

Ndinalephera kupirira. Ndinakonza kukhosi katatu, kutanthauza yankho lachitatu. Namwino anaika cholembera pansi.

"Bambo, mukutsokomola? Tikuyezeni m'mphuno pompano?"

"Ayi, ndili bwino."

"Ndimaganiza choncho."

Achemwali anakhoza anayi pa khumi. Namwino sanawanyoze, ndipo pa chimenechi ndimamulemekeza.

"Amayi, mwaloweza kuposa ine amene ndimachiwerenga tsiku ndi tsiku," anatero. "Koma awa ndi mawu a pepala. Sindingabaye munthu amene mawu ake sindinawamve. Mubwerenso Lachisanu. Mukalephera pamenepo, manja anga amangika."

Tinayenda mpaka pokwerera basi. Ndinayamba kufotokoza kuti vuto ndaliona: mafunso khumi anali ochepa, ndipo ndikonza makumi anayi, lililonse m'njira zitatu.

"Mwandithira ngati thumba la manyowa n'kumanga kukamwa," anandidula. "Munthu akundifunsa zinthu zomveka, ine m'mutu mukungolira mawu anu."

"Njira imeneyi yakhozetsa ana mazanamazana."

"Ine si mwana, achimwene. Ndinakuberekanipo kumsana. Mawa mubwere kwathu ndi pepalalo. Muliwerenge kamodzi, pang'onopang'ono, ngati kalata. Musandifunse kanthu. Wofunsa ndikhala ine."

Lachinayi ndinaima m'mphepete mwa nazale yawo, chikalata m'manja, iwo atagwada akuokera mbande m'timachubu. Kuwerengera munthu amene wakufulatira n'chinthu chimene sindinalolepo m'kalasi, koma ndinawerenga. Anandiimitsa katatu kokha.

"Madzi amchere amene ena adzabayidwe m'malo mwa katemera amaoneka chimodzimodzi ndi katemerayo?"

"Chimodzimodzi."

"Pitirizani."

Patapita masamba awiri anafunsanso. "Ndiye namwino ujanso sadziwa chimene akundibaya?"

"Sadziwa. Imasankha ndi kompyuta, ndipo chinsinsicho chimasungidwa kwina mpaka kafukufuku atatha."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wakumana ndi mnansi wake kumsika wakutali. Sanafotokoze chimene chawaseketsa, ndipo ine ndinali woletsedwa kufunsa.

Kachitatu anandiuza kuti ndibwereze tsamba lonena za zovuta zimene katemerayo angabweretse m'thupi. Pamenepo manja awo anaima. Anamvetsera mpaka mzere womaliza, kenako anatola kachubu kena.

"Basi. Pitani mukapume."

"Tisabwerezeko ngakhale kamodzi?"

"Mukundiimira padzuwa. Mbande zikufuna kuwala."

Ndinabwerera kunyumba ndili wotsimikiza kuti alephera. Phunziro lopanda kubwereza, lopanda mayeso oyeserera, lomvetsera uku manja ali m'dothi, sindinkaliwerengera ngati phunziro.

Lachisanu namwino anaika mpando wanga kumbuyo kwa achemwali, pafupi ndi firiji, kuti asandione n'komwe. Anayamba ndi funso la mnzawo wotsokomola lija.

"Ndipita nditavala, ndipo ndikaima panja," achemwali anayankha. "Mwina mwandibaya madzi. Ngakhale akhale katemerayo, ndani wanena kuti amagwira ntchito? Mukanadziwa, simukanandiitana."

Namwino analemba kanthu.

"Mukafuna kusiya pakati?"

"Ndikatopa nanu ndidzakuuzani, n'kuchoka. Ndipo ndikadzadwala china n'kubwera pano, mudzandithandiza ngati wina aliyense, osandikwinyira nkhope."

"Magazi titenga kangati?"

"Kasanu ndi kawiri. Musapitirire pamenepo, ndi ochepa kale."

Anapitirira chomwecho, funso ndi funso. Palibe yankho limodzi limene linali m'mawu anga, ndipo palibe limene linali lolakwa. Ndinawerenga ndi zala pa bondo langa mpaka zinakwana zisanu ndi zitatu.

"Chingakuchitikireni n'chiyani mukabayidwa?"

"Mkono ukhoza kutupa, thupi likhoza kutentha, mutu ukhoza kupweteka. Zikapitirira masiku awiri ndiimbe pa nambala mwandipatsa ija. Ndiye pali zina zimene inuyo simunazionepo, chifukwa sizinachitikire munthu. Mwina woyamba ndikhala ine."

"Simukuopa, amayi?"

"Ndikuopa. Koma ndinaima pageti panga ngati mlendo, galimoto ikupita ndi amuna anga. Ngati mkono uwu ungachititse kuti mayi wina asadzaime chomwecho, utengeni. Limenelo ndi funso lachikhumi?"

"Ayi, limenelo ndi langa chabe. Lachikhumi ndi ili: n'chifukwa chiyani inu ndi ine tonse sitiyenera kudziwa ngati mwalandira katemera kapena madzi?"

Funso limeneli ndinkalidziwa. Yankho limene ndinawalembera linali la mizere isanu, ndipo Lachitatu achemwali analinena lonse pa funso lina. Firiji inkalira. Panja munthu anakoka benchi. Ndinagwira chipewa changa ndi manja awiri, ndipo ndinameza chifuwa chenicheni chimene chinabwera pa nthawi yoipa.

"Chaka china," anayamba achemwali, "kunabwera mbewu ya tomato yatsopano, ya m'kapaketi konyezimira. Ndinafesa bedi limodzi yatsopanoyo, bedi lina yakale. Yatsopano inamera mochititsa kaso. Amuna anga anati, 'Mayi, si mbewu ayi, ndi dzanja lanu. Keni yothirira ikafika pa bedi limenelo mumachedwa kuichotsa, ndipo manyowa abwino onse akupita komweko.' Ndinakana mpaka kulumbira. Chaka chotsatira anafesa okha ine nditapita kumsika, osandiuza kuti bedi liti ndi liti. Ndinathirira onse mofanana, poti sindinkadziwa loti ndilikondere. Anadzandiuza tsiku lozula mbande."

Namwino anali atasiya kulemba. "Ndiye inapambana iti?"

"Yakale, mwana wanga. Paketi inandinamiza. Tsono inunso muli ndi dzanja. Mukadziwa kuti uyu ndi wa katemera, akadzatsokomola mudzati n'kachimfine chabe, chifukwa mtima wanu ukufuna kuti katemerayo apambane. Nanenso ndikadziwa kuti ndine wa katemera, chophimbachi ndidzachitaya. Bisani. Mabedi onse athiriridwe mofanana, tidzaonere pozula."

Mfundo imeneyi ndinaiphunzitsa chaka ndi chaka, ndi choko ndi zojambula pabolodi, ndipo ana ambiri anailemba bwino pa mayeso. Sindikukhulupirira kuti mmodzi mwa iwo anaigwira monga anaigwirira mayi ameneyu. Ndikulemba zimenezi chifukwa ndi zoona.

"Khumi pa khumi," anatero namwino. "Amayi, nkhani yanuyi mungandibwereke? Panjapo pali anthu asanu ndi awiri, ndipo funso limeneli lagwetsa ambiri sabata ino."

"Bwerekani. Koma muzinena kuti mwini wake anali amuna anga."

Kudinda chala kunavuta. Dothi la zaka makumi asanu linali litafafaniza mizere ya chala chawo chachikulu, moti kawiri konse papepala panangotsala banga lakuda. Namwino anachipukuta, anachepetsa inki, n'kuchigudubuza pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kupita ina. Kachitatu mizere inaoneka, yoduka m'malo awiri pamene mpeni unawachekapo.

Kenako pepala linabwera kwa ine. Pamwamba pa mzere wa mboni panali mawu akuti ndikuchitira umboni kuti munthuyu wamvetsa zonse ndipo wavomera mwa kufuna kwake. Ndinawerenga mawuwo mpaka kumapeto. Akanandipatsa Lachitatu, achemwali atakhoza ndi mayankho anga, ndikanasaina mosangalala, ndipo likanakhala bodza. Ndinalemba dzina langa lonse, chilembo ndi chilembo, osati chikhwatchu cha masiku onse.

Atawayeza magazi, kuthamanga kwa mtima ndi kulemera, kunabwera jakisoni wokutidwa ndi pepala la nambala, wopanda dzina.

"Mkono uti, amayi?"

"Wamanzere. Wamanjawu ndi wa keni."

Sanayang'ane kumbali. Anapenyetsetsa singano ikulowa mpaka ikutuluka.

"Zatha?"

"Zatha. Mukhale panja mphindi makumi atatu kuti tikuoneni."

Tinakhala pa mabenchi awiri otalikirana, moyang'anizana ndi mzere wa okalamba amene ankadikira kulowa. Achemwali anagwira kathonje pa mkono, khadi la kafukufuku lili pamiyendo pawo. Anali wa nambala makumi asanu ndi atatu kudza zinayi, ndipo malo anali makumi asanu ndi anayi. Anandiuza kuti ndiwawerengere masiku obwereranso amene analembedwa kuseri kwa khadilo. Ndinawerenga kamodzi.

"Mukumva bwanji m'thupi?" ndinafunsa.

"Ngati munthu amene wabayidwa madzi."

"Kapena katemera."

"Kapena katemera," anavomera. "Musandiyang'ane choncho, achimwene. Nanunso simukudziwa."

Mphindi zitakwana, namwino anasuzumira pakhomo, anayang'ana mkonowo, n'kutilola kupita. Achemwali anapinda khadi lawo m'kansalu, analiika m'chikwama, ndipo podutsa mzere uja anaima patsogolo pa bambo wina wa imvi.

"Jakisoniyo sapweteka," anamuuza. "Mukalowa, muziyankha monga mumayankhulira kwanu."