Chala cha Enifa

Mwana wanga Enifa ali ndi matenda a shuga, ndipo adokotala anamuuza kalekale kuti mapazi ake aziwasamala ngati mazira. Koma kumva ayi. Thekenya litalowa m'chala chachikulu cha kuphazi, mwamuna wake Wyson anatenga phini n'kulizula, n'kuthirapo palafini monga timachitira tonse kuno ku Lirangwe. Kwa ife bala lotere limauma masiku atatu. Kwa Enifa linatha milungu iwiri likungokula.

Ndinadziwira fungo nditapita kukabwereka sefa.

"Iwe, masula nsanzayo."

Chala chinali bii, mafinya ali chuchuchu, phazi lonse litatupa.

"Sichikupweteka, amayi," anatero uku akuseka.

"Nanga mtengo umalira chiswe chikamaudya? Ukufuna akudule mwendo wonse?"

Basi ya ku Blantyre inali itadutsa kale. Galimoto yotsala tsiku limenelo inali lole ya chipani yokha, yonyamula amayi okavinira alendo ku bwalo la ndege ku Chileka. Ndinamuveka Enifa nsalu ya chipani, inenso ndinavala yanga, Wyson n'kumubereka mpaka pamsewu. Tinakwera.

Mayi Malizani, atcheya a amayi kwathu, anatiyang'ana ndi diso lakumbali.

"Anambewe, lole iyi si ambulansi. Wokwera muno ndi wovina."

"Akavina ameneyu," ndinatero. "Enifa, aonetse amayi phazi lovinira."

Ndinamasula nsanza ija pakati pa anthu. Nyimbo inaduka. Ena anagwira mphuno, wina n'kufuula mayo.

"Mukamuike pamzere woyamba, atcheya, alendo akamuone bwino," ndinatero.

A Malizani analavulira kunja.

"Phimbani, phimbani! Akhale kutsogolo ndi adalaivala. Akatitsitsa ife apitirire naye kuchipatala m'tauni. Koma malo ake pamzere asakhale opanda munthu, mwamva?"

"Ndamva. Mukuyesa nsaluyi ndavalira kukongola?"

Ndiye ine, mayi wa nyamakazi m'mawondo onse, ndinavina padzuwa la Chileka kuyambira m'mawa mpaka ndege inatera, fumbi lili m'kamwa, kumwetulira kuli kokakamiza. Mtima unali m'tauni.

Anamudula chala chimodzi chokha. Adokotala anati tikanachedwa masiku ena awiri, bwenzi tikunena zina.

Nditapita kukamuona Lachitatu, ndikutsimphina kuposa iyeyo, Enifa anasuzumira m'dengu langa n'kukwinya nkhope.

"Amayi, ngakhale kanzimbe kamodzi osanditengera?"