Chinsalu cha Gordy

Pamene Marlene Stroup ankalowa m'chipinda cha kuseri kwa bala ya Hanneke, mkangano unali utayaka kale. Curtis Beltran anali chiimirire, botolo la mowa m'manja, akulalikira uthenga wake womwe uja umene ife ochemerera mpira wa miyendo mu St. Louis muno tinatopa nawo kalekale. Ankati timu ya dziko lathu siidzapita patali chifukwa ife Aamereka timaombera m'manja chilichonse. Mwana akagonja timamupatsa malalanje osendasenda ndi kachikho kopita nako kunyumba, ndiye akakula n'kuvala yunifolomu ya dziko amayembekezerabe malalanje omwewo.

"Kumayiko a anzathu, timu ikachititsa manyazi ngati amene tinaona mwezi wathawu, osewera amatulukira khomo la kuseri," anatero Curtis. "Ife timawaimbira nyimbo. Ndiye asinthe chifukwa chiyani?"

Wina anayankha kuti vuto si ochemerera, koma kuti ana aluso amathawira ku basiketibolo ndi ku mpira wathu wina uja wonyamula m'manja, wa zipewa zolimba. Wina anati ana athu sasewera mumsewu, amasewera pokhapokha makolo akawanyamula pagalimoto n'kukawaimikira kochi wa wezulo m'khosi. Zonsezi zinanenedwapo kambirimbiri patebulo lomwelo. Chimene chinasowa tsikulo ndi munthu amene ankamudula mawu Curtis. Munthuyo anali Gordy, mwamuna wake wa Marlene, woimba ng'oma wa gulu lathu, amene anamwalira ndi matenda a mtima nyengo yachisanu isanathe.

Awiriwa anakangana zaka zambiri osagwirizana ngakhale kamodzi, ndipo ubwenzi wawo unali womwewo. Gordy sankamva zoti timu ingalangidwe. Ikamwetsedwa chigoli, iye m'pamene ankaimba ng'oma mwamphamvu, thukuta lili kamukamu, kwinaku akumukodola Curtis ndi chigongono kuti asiye kulongolola aimbe nawo.

Marlene sankaukonda mpira, ndipo sankabisa. Unkamulanda mwamuna Loweruka lililonse, ndipo ng'oma ndi mbendera zinadzaza galaja mpaka galimoto yake inkagona panja pachisanu. Koma maliro atatha, anzake a Gordy anachita zimene ochemerera amachitira mnzawo: anasoka chinsalu chachikulu, chokwanira kuphimba mipando yonse ya kuseri kwa golo, n'kujambulapo nkhope yake. Chinsalu chotere sachijambula chonse pamodzi. Amafunyulula mbali imodzi m'nyumba yosungiramo katundu, kupenta, ikauma kupinda, kenako kufunyulula ina. Marlene ankawapititsira khofi kumeneko, ndipo tsiku lina anamugwiritsa bulashi, iye mwini n'kupenta khutu lamanzere. Anaonako diso, anaonako chibwano, koma nkhope yonse sanaione. Panalibe amene anaiona. Atamaliza anakachisunga m'galaja mwake, kudikira tsiku limene timu ya dziko idzabwere kudzasewera mumzinda muno, zimene zimachitika patalipatali.

Tsikulo tsopano linali Loweruka likubweralo. Koma timu inali itangotuluka mochititsa manyazi mu mpikisano wina, ndipo Curtis anabwera ndi maganizo akuti gulu lonse likalowe m'bwalo, likakhale pansi, chete. Pasakhale ng'oma, pasakhale nyimbo, pasakhale nsalu iliyonse, kuti osewera ndi akuluakulu a mpira amve mkwiyo wathu.

Anthu atamuona Marlene pakhomo, ambiri anayamba kuyang'ana m'matambula mwawo. Curtis anamukokera mpando.

"Alamu, mwachita bwino kubwera. Za chinsalu sitinaiwale ayi. Tikungoti tidikire ulendo wina."

"Ulendo wina wake uti, a Curtis? Paja timu yanuyi inabwera liti komaliza kuno?" Marlene sanakhale pampandopo. "Ine za mpira wanu sindizidziwa. Kaya apambana, kaya agonja, tulo ndimagona. Ndikungofuna kuona amuna anga atakwezedwa m'mwamba kamodzi kokha, monga munandilonjezera."

Curtis anafotokoza mofatsa, zimene sizinali chizolowezi chake. Anati sizingatheke kukweza chinsalu kenako n'kukhala chete, chifukwa makamera akajambula chinsalucho basi, dziko lonse n'kuganiza kuti tili pachikondwerero. Anati iye akuchita zimenezi chifukwa cha Gordy yemweyo, munthu amene anaimbira timu imeneyi ng'oma mpaka mtima unaleka, timuyo osamusangalatsako ngakhale chaka chimodzi.

"Iwo sanadandaulepo," anatero Marlene. "Wodandaula munali inu. Ankabwera kunyumba akuseka okha, amvekere lero Curtis ndamukhaulitsa."

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kwachisoni. Kenako anakweza manja. Achinyamata amene amadzukira kuonera mipira ya ku Ulaya pa TV, n'kumalakalaka atakhala aukali ngati ochemerera a kumeneko, ndi amene anachuluka, choncho mbali ya Curtis inapambana. Marlene anafunsa ngati angalowe ndi ng'oma yokha, yekha, osavutitsa munthu. Anamuuza kuti alonda a pageti amalola ng'oma ndi nsalu zokhazo zimene atsogoleri a gulu avomereza. Anatenga kachikwama kake n'kutuluka osamwa ngakhale madzi.

Loweruka masana Marlene anapitabe kubwalo, poti kumeneko kunali mpando wa Gordy ndipo sanafune kuti ukhale wopanda munthu. Anavala mpango wa m'khosi wa malemuyo, wofwifwa kale uja. Curtis anakhala pambali pake atapinda manja, nkhope ili gwa. Gulu lonse linakhala pansi, zii.

Koma tinaiwala chinthu chimene aliyense wa ife amachidziwa bwino: kwathu konkuno timu yathu imasewera ngati mlendo. Anthu ochokera kudziko la timu inayo, anansi athu omwewa amene timagwira nawo ntchito ndi kupemphera nawo, anadzaza mbali zitatu za bwalo ndi malipenga, mbendera ndi ana pamapewa. Anaimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chete wathu uja anangosungunuka m'phokoso lawo ngati shuga mu khofi. Timu yathu inagonjanso, kugonja kozizira kopanda ngakhale ndewu. Ndiye wezulo yomaliza italira, osewera athu anayenda pang'onopang'ono kubwera kuseri kwa golo monga amachitira nthawi zonse, n'kutiombera m'manja kutithokoza chifukwa chowachemerera. Sanadziwe n'komwe kuti tawanyanyala.

Marlene anangomuyang'ana Curtis, ndipo Curtis akanakonda mayiyo akanamutukwana. Pa TV pambuyo pake anakamba za kochi, za chigoli chokanidwa, za mvula imene sinagwe. Za ife sanatchule.

Lamulungu m'mawa Curtis anafika kwa Marlene pa kalole kake. Anamupeza akukulunga mbale m'mapepala n'kumaziika m'makatoni. M'pamene anamva kuti nyumbayo ikugulitsidwa, ndipo Marlene akusamukira kwa mwana wake wamkazi ku Tucson nyengo yotentha isanafike. Tsiku lija ku bala Marlene anafuna kunena, koma anaona kuti zikhala ngati akupempha chisoni kwa achinyamata aja.

"Bwanji osandiuza ine ndekha, alamu?"

"Mukanasintha? Inu amene munakangana ndi munthu mpaka kumanda?"

Curtis anatembenukira kugalaja. Anayang'ana chinsalu chija chili chopindidwa pakona pa galaja, chokhuthala ngati matiresi osanjikiza, ng'oma ili pamwamba pake. Kenako anakagogoda kwa mnansi kupempha kuti awathandize kuchikweza m'galimoto.

Anapita nacho kubwalo la sukulu ya sekondale ya m'deralo, kumene kuli mipando yokwera m'mwamba yoonerera mpira wa zipewa uja. Udzu unali udakali ndi mame. Anachifunyulula awiriwiri, akupumira m'njira, misana ikuwawa, mpaka chinaphimba mbali yaikulu ya bwalolo. Ali pansi sankaona kanthu, ankangoona mathothomathotho a penti. Marlene anakwera masitepe akugwirira chitsulo mpaka pamzere wa pamwamba, n'kutembenuka.

Gordy anali pamenepo, kukamwa kuli yasa, ndodo ya ng'oma ili m'mwamba, katsitsi kake kotsala kaja kataima. Chinsalucho anachikonza kuti chiziyandama pamitu pa anthu oimba dzina lake, koma apa chinangogona pa udzu wonyowa. Marlene analira kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro. Pansipo Curtis anatsitsa ng'oma m'galimoto n'kuyamba kuimba. Sankatha. Zaka zonsezo ankaima pambali pa Gordy akulongolola, osaphunzirako ngakhale kaimbidwe kamodzi. Kulira kwa ng'omayo kunkakagunda khoma la sukulu n'kubwerera kokhakokha.

Sipanapite nthawi, magalimoto anayamba kufika. Lamulungu m'mawa bwalolo limakhala la matimu a atsikana ang'onoang'ono. Anatsika ndi nsapato zawo zatsopano, makolo ali pambuyo ndi mipando yopinda ndi mabokosi a malalanje osendasenda. Kochi wawo anapita kwa Curtis n'kufunsa mwaulemu ngati atenge nthawi yaitali, poti masewero anali pafupi kuyamba. Ana anaima m'mphepete akufunsana kuti bambo wa pansaluyo ndani, koma panalibe womudziwa.

Curtis anasiya ng'oma n'kuyang'ana m'mwamba. Marlene anapukuta maso ndi mpango uja, n'kutsika pang'onopang'ono.

"Mwamuona, alamu?"

"Ndawaona. Mphuno munalakwitsa, sinali yaikulu choncho. Khutu langa lokha ndi limene lili bwino." Anapumira m'mwamba. "Ng'omayo tengani, ku Tucson sindipita nayo. Koma muphunzire kaye, musamawachititse manyazi."

"Nanga chinsalu? Timu ikadzabweranso..."

"Ikadzabwera mudzakanganenso. Ine ndawaona, basi. Tiyeni tipinde, ana akufuna kusewera."

Marlene anagwira kona imodzi, Curtis ina, ndipo makolo angapo anasiya mipando yawo n'kubwera kudzathandiza osafunsa kanthu. Anayambira kuchibwano, kenako pakamwa, kenako mphuno yolakwika ija. Maso ndi amene anatsalira. Apo Curtis anaima, mpaka Marlene anachita kumulanda konayo n'kuphimba yekha.