Kabotolo ka pa 3 Juni

Ndinalota masana dzuwa lili paliwombo, ine Lifeyo Chinkhandwe, munthu amene ndagonapo pansi pa lole ku Beira, ku Nakonde, ku Musina ndi ku Dar es Salaam osalotako ngakhale nkhuku. Ndinalota ndili m'nyumba mwanga momwe ku Chigumula, nyumba ya zipinda zisanu ndi ziwiri imene ndinamanga ndekha, ine amene ndinayamba ndi wilibala yobwereka. Zitseko zonse zinali zotsekula, ndipo m'chipinda chilichonse munali mpando umodzi woyang'ana kukhoma.

Maso ankandiwawa monga amachitira masiku onse. Patha zaka ziwiri chiumireni. Dokotala wa maso anati zitsime za misozi yanga zinaphwa, kaya ndi ukalamba, kaya ndi mphepo ndi fumbi la m'misewu, ndipo anandilembera mankhwala odonthezera. Koma ine amene ndimalowetsa lole ya ngolo ziwiri pageti chobwerera m'mbuyo, kabotolo kakangoyandikira diso ndimaphethira. Choncho ntchitoyi inali ya mkazi wanga, Nangondo. M'mawa ndi madzulo mutu wanga unkakhala pamiyendo pake, dontho uku, dontho uku, kenako iye n'kumang'ung'udza nyimbo yake ndime ziwiri ine nditatsinzina. Kabotolo kalikonse ankakalemba tsiku lokatsekulira, chifukwa dokotala anati pakatha masabata anayi kazitayidwa, ngakhale mutatsala madzi.

Kotsiriza anakalemba 3 Juni. Pa 11 tinamuika m'manda. Titameta, abale ake anagawana zake monga mwa mwambo: zitenje, maduku, nsapato, buku la nyimbo, ndi magalasi omwe. Kabotolo kokha anakasiya chifukwa pakapepala kake panali dzina langa. Sanaone kuti pansi pa dzinalo panali tsiku lolembedwa ndi dzanja lake. Miyezi inayi ndinayenda nako m'thumba la malaya, n'kumadonthezako mosinira kuti kasathe, ndipo ndinkakagunditsa padiso penipeni kuti ndisaphonye. Katsopano, kamene mwana wathu Tiyese anakanditengera kuchipatala, kanali pamwamba pa furiji m'bokosi mwake. Diso lamanzere linali litayamba kufiira ndi kumata manthongo, ndipo mbali imeneyo dziko linkaoneka ngati kwagwa nkhungu.

M'malotomo ndinapita kubafa kuti ndikasukusule. Nditakankha chitseko ndinapeza mtsinje. Unali waukulu ngati Zambezi pa Tete, koma wopanda madzi, mchenga wokhawokha mpaka kutsidya. Malole anga onse asanu ndi anayi anali momwemo, atakwiririka mpaka m'magalasi, mainjini akulira. Ndinaitana madalaivala mmodzimmodzi potchula maina awo. Palibe anayankha. Ndinatseka chitseko cha bafa kuti mchenga usalowe m'nyumba, n'kuyamba kuyenda. Ndikaphethira, zikope zinkalira ngati munthu akusesa pabwalo.

"Bwana," anatero mawu m'thumba mwanga, "ndikupempha kupuma pantchito."

Ndinatulutsa kabotolo kaja.

"Iwe, pantchito panga palibe amapuma ine ndisananene. Kafunse ku Kanengo, kafunse ku Limbe."

"Ndinalembedwa masabata anayi, bwana. Ndagwira miyezi inayi. Muno mwalowa alendo. Anabwera tsiku limene munandigunditsa pansidze, ndipo aberekana."

Ndinakakwezera kudzuwa n'kusuzumira. M'madzimo munali mudzi wa tizilombo, tina titakhala pamikeka, tina tikufolera nyumba. Kamodzi kanavula chipewa n'kundipatsa moni.

"Diso lanu lamanzere alikonda," kanatero kabotolo. "Akuti nthaka yake ndi yachonde. Ena asamukirako kale."

"Khala chete. Iwe ndiwe wa mayi."

Ndinakabwezera m'thumba n'kumanga batani.

Pakati pa mtsinjewo panali boda. Ine maboda ndawadutsa kuposa mmene mbusa wadutsira pakhomo la tchalitchi, koma iyi ndinali ndisanaionepo. Panalibe mzere wa magalimoto, panalibe ogulitsa nthochi. Panali chitsulo chopingasa, tebulo, beseni la madzi ndi sopo. Kuseri kwa tebulo kunali Nangondo, atafunda chitenje chake chobiriwira chimene mng'ono wake anapita nacho ku Ntcheu.

"Mwafika, bambo a Tiyese."

"Ndafika, mayi. Mwadzuka bwanji kumeneko?"

"Kuno sitidzuka, koma tili bwino. Pasipoti."

Ndinaiika patebulo ndipo inadzitsekula yokha. Zidindo zonse zinali zitasanduka maso, maso ouma, akuphethira movutikira tsamba ndi tsamba. Nangondo anaziyang'ana osadabwa.

"Mwayenda ndithu," anatero. "Mwanyamula chiyani?"

"Palibe."

"M'thumba lomanga batanilo."

Wapaboda aliyense ndimadziwa kumuseketsa mpaka aiwale funso lake. Uyu ndinakhala naye zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndinamasula batani n'kuika kabotolo patebulo, koma sindinachotsepo chala.

"Ndi dzanja lanu ili, mayi. Zina zonse anatenga. Ndi fungo la mafuta anu lomwe linachoka papilo."

"Tsikulo ndinalemba kuti mudziwe lotayira, osati kuti muzilipembedza. Diso limodzi lapita theka. Linalo likatsatira, dzanja langalo mudzaliwerenga ndi chiyani? Ndi mphuno?"

Mainjini ankangolira kumbuyoko.

"Chabwino," ndinatero. "Koma ndidonthezereni kamodzi kokha, monga kale. Ndiike mutu pamiyendo panu."

Anavundukula chitenje n'kukweza mikono. Inathera pamene ankavalapo chibangili. Kupitirira apo panali mpweya.

"Manja timasiya pachipata. Kuno amatilola mawu okha. Sambani."

Ndinasamba ndi sopo, pakati pa zala pomwe, iye akuyang'anira monga ankachitira ndi Tiyese ali mwana. Nditatembenuka ndinaona bokosi latsopano lija lili patebulo, ndi fumbi lake la pamwamba pa furiji. Ndinalitsekula, n'kupotokola chivindikiro, n'kupendeketsa mutu. Kabotolo katangofika pamwamba pa diso ndinaphethira. Dontho linagwera patsaya, n'kutsetserekera mumchenga, ndipo pamene linagwerapo panamera bango lalitali.

"Onani munthu wa ku Dar es Salaam," anaseka Nangondo. "Mikango munaiona pa msewu, njovu munazilizira hutala, lero dontho lakugonjetsani."

"Ndi mphepo, mayi."

"Kulibe mphepo kuno. Musalithamangitse diso ndi botolo. Yang'anani kumwamba. Kokerani pansi chikope cham'munsi, chipange kathumba. Mlomo wa botolo ukhale m'mwamba, usakhudze diso, usakhudze nsidze, usakhudze chala. Dontho limodzi basi, diso si diramu. Likalowa mutsinzine osafinya, muike chala pakona ya diso pafupi ndi mphuno, mpaka nyimbo itatha ndime ziwiri."

"Zimenezi n'zochepa kwa ine."

"Ndipo diso lofiiralo mukalionetse kwa dokotala mawa m'mawa. Mukamuuze zoona, kuti miyezi inayi, ndiponso kuti munkagunditsa. Musakayambe nkhani za ku Beira."

Ndinayang'ana kupyola chitsulo chija. Kutsidya kunali mitengo yobiriwira, ndipo pamthunzi pake panali mpando wina wopanda munthu.

"Nanga ine kuwoloka?"

"Pasipoti yanu ikadali ndi masamba."

"Nyumba ija yakula, mayi. Ndikatsokomola kuchipinda chodyera, chifuwa chimakandiyankha kuchipinda chogona."

"Munaimanga nokha. Ine ndinati zipinda zitatu zikwana."

Ananena izi mosakalipa. Kenako anayang'ana chala changa, chimene chinali chitabwerera chokha pa kabotolo kakale kaja.

"Katundu uyu ndi wotha masiku. Sabwereranso nanu. Ndipo ndikuuzirenitu, bambo a Tiyese, kuti musadzati ndinakubisirani: mukatsinzina n'kutsekula, simundipeza."

"Ndiye sinditsinzina."

"Ndiye mankhwala atayika, diso nalo litayika, ndipo mudzandiona chimodzimodzi mmene mudzaonere wina aliyense."

Dzuwa silinasunthe. Ndinamuyang'ana ndi diso labwino, ndinamuyang'ananso ndi la nkhungu, ndipo m'diso la nkhungulo anali atayamba kale kufufutika, mphumi ndi duku zitasakanikirana ndi mchenga. Ndinachotsa chala.

"Zikomo, bwana," kanatero kabotolo. "Tsalani bwino."

Kanadzigwetsa patebulo, n'kugubuduka kudutsa pansi pa chitsulo.

Ndinasambanso, poti ndinali nditagwira zakale. Ndinayang'ana kumwamba, kumene kunalibe mtambo kapena mbalame. Ndinakoka chikope. Dzanja limene lagwira chiwongolero zaka makumi anayi linakweza kabotolo katsopano pamwamba pa diso. Dontho linagwa m'kathumba, lozizira, n'kuluma pang'ono. Ndinapita kudiso linalo, nalonso linalowa. Ndinamuyang'ana kotsiriza madzi ali lengelenge, ndipo anagwedeza mutu. Ndinatsinzina n'kuika zala pafupi ndi mphuno.

Anayamba kung'ung'udza.

Ndime yoyamba ili pakati, ndinamva mkokomo kumtunda. Mainjini anazima imodziimodzi, onse asanu ndi anayi. Madzi anafika m'mapazi, anakwera m'mawondo, anafika m'chiuno. Ndinamva tebulo likunyamuka, beseni likugunda pachitsulo. Ndinafunitsitsa kutsekula maso, kungosuzumira pang'ono pokha, koma zala ndinazisiya pomwepo. Ndime yachiwiri itayamba mawu ake anali kale kutsidya, akuchepa ngati wailesi yotha mabatire. Mizere iwiri yomaliza ndinaimaliza ndekha, ndi liwu langa losakhala bwinoli.

Nditatsekula maso ndinali pampando wanga wapakhonde, zala zili pamphuno, masaya ouma gwa. Kabotolo kakale kanali m'thumba, sikanayankhule. Ndinatenga lezala, n'kumatula kapepala kaja pang'onopang'ono kuti 3 Juni asang'ambike, n'kukakaika m'pasipoti pakati pa zidindo za pa boda ya Zobue. Kabotoloko ndinakakaponya m'chimbudzi chokumba cha kuseri. Ndinasamba m'manja, ndinatsitsa bokosi pamwamba pa furiji, ndinapeza bolopeni.

"Mayi!" ndinafuula. "Lero ndi pa chani?"

Funsolo linayenda zipinda zonse zisanu ndi ziwiri n'kubwerera lokha.

Kalendala ya kukhitchini inali ikadali pa Juni, chifukwa ankaitembenuza ndi iye. Ndinatembenuza masamba anayi, tsiku ndinaliona pafoni, ndipo pa kabotolo katsopano, pansi pa dzina langa, ndinalemba 14 Okutobala. Manambalawo anatuluka opotoka, ngati padutsa nkhuku. Koma ndinawawerenga.