Lamba wa Pakhosi pa Tofi

Tupochile sanabwere ku Rotherham, kutsidya kwa nyanja kuno, kudzaweta galu. Anabwera kudzasamalira okalamba, ndipo mmodzi mwa iwo anali a Hudson, mzungu wosachedwa kupsa mtima amene ankakhala yekha ndi kagalu kofiirira, dzina lake Tofi. A Hudson atamwalira, ana awo anagawana katundu yense, koma galu palibe anamufuna. Tupochile anamupeza ali khale pakhomo, maso kumsewu. Anamunyamula n'kukwera naye basi.

Anzake a kutchalitchi anaseka mpaka kugwetsa misozi. "Iwe mwana wa ku Karonga, galu m'nyumba? Mawa timva kuti wamugulira juzi!"

Kusekedwako sikunamudetse nkhawa. Vuto linali lakuti nyumba imene ankakhala inali ya kampani imene inamulemba ntchito, ndipo viza yake inkadalira kampani yomweyo. Iye akangotseka chitseko kupita ku shifiti, Tofi ankayamba kuuwa, osapumira, mpaka madzulo. Oyandikana nawo anakadandaula.

Manejala wa kampaniyo, a Rowland, anamuitanira Tupochile ku ofesi n'kumukankhira kabokosi patebulo.

"Lamba uyu ali ndi batire," anatero. "Galu akauwa, amamugwedeza pang'ono ndi magetsi, basi amasiya. Sizipweteka, alemba pabokosipo. Mumuveke, apo ayi galuyo achoke."

Tupochile anamuveka. M'nyumba munakhaladi zii. Koma Tofi anasiyanso kudya. Ankabisala kunsi kwa bedi, ndipo chitseko chikamenyetseka ndi mphepo, kapena galu wina akauwa kuseri kwa mpanda, lamba ankamugwedezabe, iye n'kudumpha n'kulira kamawu kang'ono ngati wapondedwa. Loweruka pomusambitsa, Tupochile anamasula lamba uja n'kupeza zilonda ziwiri pakhosi, ubweya utasosoka, zikununkha.

Kenaka anatenga lamba, anadzimanga pakhosi pake, n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse.

Zinali ngati mavu amuluma m'kati mwa mmero. Anadziluma lilime, misozi inangotuluka yokha.

Tsiku lomwelo anapita naye kwa dokotala wa ziweto. Mayiyo anatsuka zilondazo n'kunena kuti tizitsulo ta lambayo tinakumba khungu chifukwa chovala tsiku lonse. Anati Tofi sankauwa chifukwa cha mwano koma mantha otsala yekha, ndipo kumupweteka kunangowonjezera manthawo.

Lolemba m'mawa Tupochile analowa mu ofesi osagogoda. Anaika lamba patebulo.

"Valani."

"Mwati bwanji?" anafunsa a Rowland.

"Valani, a Rowland, mukuwe kamodzi kokha. Si mwati sizipweteka?"

A Rowland anafiira nkhope. "Mayi, mukukumbuka kuti nyumbayo ndi ya kampani? Ndipo mapepala anu ali m'manja mwa yani?"

Tupochile anaganiza za ana ake awiri amene anawasiya kwa mkulu wake kumudzi. Koma mawu ake anatuluka owongoka.

"Ntchito ndimagwira, ndipo palibe gogo ndi mmodzi yemwe anadandaulapo za ine. Nyumba yanuyo tengani. Koma khosi la galu uja simuligwiranso."

Anamuuza kuti atuluke mwezi usanathe. Anayenda Rotherham yense kufunafuna chipinda, koma eni nyumba akangomva za galu ankapukusa mutu. Ena a kutchalitchi anamulangiza kuti akapepese. "Walira mvula walira matope, achemwali. Kuno n'kwa eni. Mukufuna kubwerera kumudzi chifukwa cha galu wa mzungu wakufa?"

Sanakapepese.

Amene anamulandira anali Nalishebo, mnzake wa ku Zambia wa pakampani yomweyo, amene ankakhala m'kanyumba ka pamwamba pa shopu ya matayala. "Bwela naye cabe," anatero m'Chinyanja chake. "Ine nisebenza usiku, iwe muzuba. Azankala na muntu ntawi zonse."

Ntchito sanamuchotse, poti ogwira ntchito anali ochepa. M'malo mwake a Rowland anayamba kumutumiza kwa okalamba a kutali, cha ku Sheffield, kokwera mabasi awiri ndi mtunda wina wapansi. Tupochile anagula nsapato zolimba, ndipo akakumana ndi a Rowland ankawapatsa moni mwaulemu wonse, akuwayang'ana m'maso.

Zilonda zinapola, ubweya unamera, koma Tofi anakhala nthawi yaitali osatulutsa mawu. Tsiku lina masana, Tupochile ali pa ofu, munthu wa positi anagwedeza chitseko cha pansi. Tofi anaimika makutu, anayang'ana Tupochile, n'kuuwa kamodzi ndi mawu osasa. Anadikira, thupi lili gwaa. Palibe chinamuluma. Pamenepo ndiye anatsegula pakamwa zenizeni.

"Iwe Tupo!" anakuwa Nalishebo ali m'bulangete kuchipinda. "Muuze imbwa yako nifuna kugona!"

"Pepani amayi," anayankha Tupochile, osasuntha pampando. "Musiyeni amalize kaye."