Dothi Loyera la ku Komboni

A Enelesi anamwa mapiritsi a TB mpaka kutopa nawo, koma chifuwa osasintha. Madzi amangodzaza m'nthiti, akawapopa lero, posakhalitsa abwereranso. Chichitikireni chipolowe cha 2008 chothamangitsa alendo, mayiwa analumbira kuti kuchipatala Chichewa sadzachitulutsa. Anesi akawafunsa kwawo, ankayankha m'Chizulu chawo chotolera m'mataxi a ku Queensburgh kuti anabadwira konkuno ku Durban, basi.

Tsiku limenelo dokotala wachimwenye anayang'anitsitsa chithunzi cha mapapo awo.

"Iyi si TB," anatero m'Chingerezi. "Gogo, munakhalapo pafupi ndi mgodi wa asibesitosi? Mukandibisira, ndizingofufuza mumdima."

A Enelesi anapukusa mutu. Mwana wawo Mwaiwathu anawatsina pantchafu.

"Amayi, nenani. Akufuna matenda awa, osati pasipoti."

"Iwe, tsitsa mawu! Anesi akumva."

"Amve kumene! Eish, mufere chinsinsi?"

Mayiwo anayang'ana kuchitseko. Kenaka anayamba, m'Chichewa, mwana akumasulira. Bambo awo anachoka ku Ntcheu kukagwira ntchito kumgodi wa asibesitosi ku Rodeshiya, ndipo iwo anakulira m'komboni ya kumeneko. Kuseri kwa nyumba kunali chiphiri cha dothi lotayidwa kumgodi, loyera kuti mbee. Ana ankatsetsereka pamenepo ndi makatoni mpaka tsitsi mbuu ngati nkhalamba. Khirisimasi ikayandikira, atsikana ankatumidwa kukatapa dothilo m'mabeseni, kulisefa ndi sefa ya ufa, amayi awo n'kuzira nalo khonde ndi makoma.

"Mzere wonse nyumba yowala inali yathu. Amayi anali ndi dzanja, maluwa ankawajambula ndi chala dothi lisanaume. Azimayi achishona ankabwera kudzaonera, amayi n'kumanamizira kusesa."

Dokotala anawaletsa mapiritsi aja. Anati adula kanyama kam'chifuwa kuti akayeze, koma akuona kuti ndi khansa ya kachikopa kokuta mapapo, yoyamba ndi fumbi la dothi lija, imene imagona zaka zambiri isanadzuke.

Mwaiwathu sanamasulire msanga. 

"Ndamva kale, mwanawe, azungu ndawatsukira mbale mpaka imvi," anatero a Enelesi. "Koma uwauze adokotalawa asawanene amayi anga. Sankadziwa. Anali munthu waukhondo chabe."