Chiwongolero Chitapukusa Mutu

Kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu kuli bwalo la simenti kumene kale ankaimikako malole. Masana sikufika munthu. Kwa masabata atatu ndinkapitako ine, nthawi ya nkhomaliro, ndi njinga yamoto ya kuntchito, kukaphunzira kuyendera tayala limodzi.

Ntchito yanga inali yoperekera mankhwala. Madamu a pafamase ankalongedza mapaketi, ine n'kuwaika m'bokosi lakumbuyo kwa njinga, n'kumazungulira makomo a odwala. Njingayo ikadwala ndinkapita nayo kugalaja ya a Makaniko, ndipo ndivomere kuti inkadwala pafupipafupi kuposa njinga ina iliyonse, chifukwa a Makaniko anali ndi mwana wamkazi. Ankamutchula kuti Teni. Akuti ali wamng'ono, sipanala ya nambala teni ikasowa ankaipeza ndi iye yekha. Ankavala ovolosi ya bambo ake yopinda m'miyendo, ndipo pachibwano pake sipankasowa girizi.

Sindinamuuzepo kanthu. Ndinkangolota. M'malotomo ndinkatulukira pakona ya galaja tayala lakutsogolo lili m'mwamba, n'kudutsa pang'onopang'ono osacheuka, iye n'kusiya zimene akuchita. Maloto ankathera pomwepo.

Kudzutsa tayala sikunandivute. Giya yoyamba, kugwira kilachi, kuwonjezera moto, kusiya kilachi, tayala limadzuka lokha. Tsiku lina linadzuka mopitirira mpaka madigadi akumbuyo anakhula simenti. Vuto linali potsika. Tayala likangogunda pansi, chiwongolero chinkapukusa mutu, kumanzere, kumanja, kumanzere, ngati mbuzi yokana chingwe. Ine ndinkachikanikiza ndi mphamvu zanga zonse, ndipo ndikalimbitsa manja m'pamene chinkalusa kwambiri.

Lachiwiri njinga inachokera kugalaja atamanga khosi lake, paja pamazungulira chiwongolero. Lachitatu, nditamaliza kupereka mapaketi, ndinalowera kubwalo kuja. Ndinadzutsa tayala, ndinayenda mtunda wautali kuposa masiku onse, mtima uli m'mwamba. Potsika chiwongolero chinandipulumuka m'manja. Ndinapezeka ndagona chammbali, bondo likutuluka magazi, galasi laphwanyika, chiwongolero chapindika. Tayala lakumbuyo linkazungulirabe.

Madamu atandiona ndikukankha njinga anatuluka m'sitolo ndi thonje ndi mankhwala a pabala.

"Wagundidwa?"

"Ayi, madamu. Chiwongolero chinangoyamba kunjenjemera chokha."

"Chokha? Pamsewu wowongoka?"

"Wowongoka ndithu."

"Si dzulo lomweli njinga imeneyi yachokera kugalaja?"

Ndinangovomera ndi mutu. Ndinkaganiza kuti bodza langa ligwera pamsewu, kapena pamphepo, posakhala munthu. Madamu anatenga foni.

Madzulo a tsiku lomwelo tinali titaima kugalaja, ine, madamu ndi njinga pakati pathu. A Makaniko anamvetsera manja ali kumbuyo. Madamu sanakweze mawu. Anangoti mnyamata wawo akanafa, ndipo ngati ntchito ya pagalaja pano yafika pamenepa, njinga zawo zonse zitatu azipita nazo kwina.

A Makaniko anaweramitsa mutu. Kenako anati, "Khosi la njinga iyi sindinamange ine."

Anatembenukira kwa Teni, amene anali ataima pafupi ndi tebulo la zida, nsanza ili m'manja.

"Ndinamanga bwino, ababa. Ndinayesa kawiri."

"Ntchito yoyamba kukusiyira wekha. Ndinati ndiyang'ane, iwe ukuti ayi, ndikhulupirireni." Anapuma. "Ukanapha munthu. Vula ovolosiyo."

Teni anavula pomwepo, pamaso pathu, n'kuipachika pamsomali. M'kati anali atavala diresi yamaluwa yofwifwa. Ndinali ndisanamuonepo ali m'diresi, ndipo ndinayang'ana pansi. Ndinadziuza kuti ndinena zoona mawa.

Lachinayi linadutsa. Ndinkayenda pa njinga ya mnzanga, ndipo ndinkalambalala msewu wa kugalaja ngati kuli maliro a munthu amene ndamulodza ndine. Ndinayesa kulemba kalata. Ndinalemba kuti "Wokondedwa Teni," n'kung'amba. Ndinalemba kuti "Kwa a Makaniko," n'kung'ambanso.

Lachisanu madamu anandituma kukafunsa ngati njinga yayamba kukonzedwa. Ndinaipeza pamene tinaisiya, yafundikidwa chiguduli. A Makaniko anali chagada pansi pa galimoto yakale kumapeto kwa galaja, miyendo yokha ikuoneka. Teni ankasesa pakhomo.

"Achimwene a mankhwala," anatero. "Bondo lili bwanji?"

"Likupola."

"Mukutsimphinatu."

"Ndi pang'ono."

Anatsamira tsache. "Ndimafuna ndikuoneni. Pepani."

"Pepani wa chiyani?"

"Ndaganiza, ndaganizanso. Ndikukumbuka kuti ndinamanga, ndinadzutsa tayala, ndinagwedeza, sipanali kuseweraseweranso. Koma ngati chinanjenjemera chokha, ndiye kuti pali pamene ndinaphonya." Anatambasula zikhato zake n'kuziyang'ana. Zinali zoyera, zopanda girizi. "Dzulo amayi anandipatsa botolo kuti nditseke. Nditatseka ndinawapatsa kuti aonenso. Botolo la mafuta ophikira, achimwene. Azakhali akuti ndipite kwawo ndikaphunzire kusoka. Mwina nsalu sipha munthu."

Anaseka pang'ono.

"Itanani abambo," ndinatero.

"Ali ndi ntchito."

"Aitaneni chonde."

A Makaniko anatuluka pansi pa galimoto akupukuta manja. Sanandiyang'ane m'maso, ankachita nane manyazi, iwo, munthu wa imvi. Zimenezo ndiye zinandimaliza.

"Bambo, njinga sinanjenjemere yokha."

"Mukuti bwanji?"

"Ndinkaimika. Kuyendera tayala limodzi. Kuseri kwa nyumba za katundu zija."

"Lachitatulo?"

"Masabata atatu."

Tsache linagwa. A Makaniko anapita panjinga, anachotsa chiguduli, n'kugwada. Anapisa dzanja kunsi kwa madigadi akumbuyo, anasisita pamene simenti inakhula. Anapita kutsogolo, anapaka chala pa mashoko, chala chinabwera chonyowa ndi mafuta. Kenako anakhalitsa njinga pa sitandi yapakati, anadzutsa tayala lakutsogolo, anagwira mafoloko n'kugwedeza kutsogolo ndi kumbuyo. Khosi silinasunthe. Anatembenuza chiwongolero chopindikacho mbali ndi mbali, chinayenda mwamyaa.

Anakhala chigwadire nthawi yaitali.

"Zaka makumi atatu ndikugwira njinga," anatero motsitsa, osalankhula ndi ine. "Ndinamvera pakamwa pa kasitomala, osagwada n'komwe kuti ndione kunsi." Anadzuka movutikira, anapita pamsomali, anatenga ovolosi ija n'kuikutumula fumbi. Anaipereka kwa mwana wawo ndi manja awiri. "Khosi wamanga bwino, mayi. Kuposa mmene ndikanamangira ine."

Teni anailandira koma sanavale msanga. Ankandiyang'ana ine.

"Mudaima apo," anatero, akuloza ndi chibwano. "Pamene ndimavula iyi. Mudaima apo."

"Ndinaopa ntchito."

"Ine yanga inali masewera?"

A Makaniko anabwerera ku galimoto yawo, koma sanalowe pansi. Anangoima potipatsa msana, akusanja masipanala amene anali osanjika kale.

Teni analowetsa miyendo mu ovolosi, diresi n'kuikwinyira m'kati. Anazungulira njinga, anagwira zogwirira za chiwongolero, anayang'ana mmene mphira wake unaperepesekera.

"Mumagwira ngati mukukama ng'ombe," anatero. "Tayala likamatsika mumakhala mutalipotoza, inu osadziwa. Likagunda pansi limafuna kudziwongola lokha, ndiye inu mukulikaniza ndi mikono yowuma ngati mitengo. Njinga imagwiridwa ndi mawondo. Manja amangoperekeza. Ndipo mumatseka moto mwadzidzidzi, eti? N'chifukwa chake tayala limagwa ngati thumba. Mashoko awa mwawapha ndinu."

Ankalankhula mofatsa, ngati mmene amalankhulira ndi kasitomala aliyense. Ndikanakonda akanandilalatira.

"Nanga munkachitiranji? Munthu wonyamula mankhwala a odwala."

Ndinayang'ana girizi wakale wa pasimenti. Ndikanatha kunamanso, kunena kuti anzanga anandinyengerera. Lilime linakana.

"Ndinkafuna munthu wina adzaone."

"Ndani?"

Ndinadzutsa maso n'kumuyang'ana iye. Anandiyang'ana kanthawi, ndipo ndikuganiza kuti anazindikira, chifukwa anatembenuka msanga n'kuyamba kufunafuna chinachake m'bokosi la zida.

"Madamu anu akudziwa?"

"Ayi."

"Ababa asaimbe foni. Mukawauze nokha, ndi pakamwa panu pomwepo. Muwauzenso kuti khosi ndinamanga ine."

"Ndikawauza."

"Lero."

"Pompano."

Anagwada pambali pa tayala lakutsogolo n'kuyamba kumasula buleki. Ndinadikira pang'ono, kuti mwina anenanso kanthu. Nati yoyamba inagwera m'chitini, yachiwiri inatsatira.

"Njinga ikhala itatha Lolemba," anatero osadzutsa mutu. "Atume wina kudzatenga."

Kuchokera kugalaja kukafika pafamase ndi mtunda wa mphindi khumi, koma ndi bondo lija ndinayenda theka la ola. Madamu anali pakauntala akuwerengera mayi wina mapiritsi. Ndinaima pakhomo mpaka mayiyo atatuluka, n'kuvula chipewa.