Digiri ya Wendell Pruitt pa Chisankho cha Sherifu

Inu amene mumakhulupirira kuti maphunziro okha amakweza munthu, mverani zimene zinamugwera Wendell Pruitt, wapolisi wa m'boma lathu kuno ku Nebraska. Mkulu wa apolisi, amene timamutcha sherifu, timamusankha ndi voti, ndipo digiri safunsa. Wendell anaphunzira zamalamulo kwa zaka zambiri akaweruka kuntchito, kenako anaimira mpandowo kupikisana ndi Orval Stuckey, wogulitsa zakudya za ng'ombe.

Loweruka lomaliza la kampeni, Wendell anaitanira alimi nyama yootcha pabwalo la tchalitchi. Anabwera ochuluka, ndipo magalimoto awo anatseka njira yodutsa ozimitsa moto. Wendell ataona zimenezo anasiya nyama pamoto, nayamba kulembera aliyense chindapusa.

"Wendell, mwana wanga, wapenga kodi?" anakuwa Mayi Doreen Kessler, amene anamuphunzitsa Sande sukulu. "Galimoto imeneyo ndi yanga!"

"Pepani mayi, lamulo likunena momveka. Ndime imeneyi ndinaikhoza bwino pamayeso."

"Ndiye mayesowo akakuvotere!"

Orval, amene anabwera wosaitanidwa, anapukuta mafuta pakamwa. "Musiyeni loya wathuyu, abale anga. Ine ndime imeneyo sindikuidziwa, ndipo ndikulonjeza pamaso panu kuti sindidzaiwerenga."

Anthu akuluakulu, ena mwa iwo madikoni, anaomba m'manja mopanda manyazi. Lachiwiri Orval anapambana ndi mavoti ochuluka, ndipo mpaka lero akusunga lonjezo lakelo mokhulupirika.